Ndinagula njinga yamoto yobedwa mosadziwa, n'kuikonza ndi ndalama zanga. Kodi mwini wake angoitenga basi?

Bambo a Yamikani (Area 25): Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba zambiri, mtima wanga suli m'malo. Mu Febuluwale ndinagula njinga yamoto, Lifo yofiira, kwa mnyamata wina amene ndinamudziwa kudzera mwa mnzanga wa kuntchito. Njingayo sinkayenda n'komwe, tinachita kuikweza pa kapikapu kuchokera ku Mgona. Injini inali itanoka, matayala atatha mpaka mawaya kuonekera, mpando utang'ambika siponji ili pamtunda. Ndinapereka K800,000, ndalama imene mayi akunyumba anakatenga ku banki m'khonde. Kenako ndinaipititsa kwa makaniko ku Biwi. Matayala awiri ndi machubu K130,000. Pisitoni, maringi ndi magasiketi K165,000. Tcheni ndi masipuloketi K60,000. Batire K55,000. Kukutira mpando ndi penti K70,000. Makaniko K90,000. Zonse pamodzi K570,000, ndipo malisiti ndili nawo. Mphwanga wakhala akuiyendetsa pa kabaza miyezi inayi. Lachiwiri lapitali ali pa siteji ku Kanengo kunabwera bambo wina ndi apolisi, blue book, pepala losonyeza umwini wa njinga, ili m'manja. Atawerenga nambala ya injini ndi ya chasisi, zonse zinafanana. Akuti inabedwa mu Disembala. Panopa njinga ili kupolisi, ndipo foni ya wondigulitsa uja sikupezeka. Funso langa ndi ili: kodi bamboyu angotenga njinga imene ine ndaiukitsa kwa akufa, ine n'kutsala ndi ngongole yokha?

Wa Kabaza 23: Eish, pepani madala. Izi zikutichitikira kwambiri ife pa siteji. Koma ine ndikuona kuti njingayo ndi yanu. Munagula ndi ndalama, simunabe. Iyeyo akasake amene anamubera.

Mayi a Tadala (Kawale): Ayi mwana wanga, pamenepo sindikuvomereza. Bambo a Yamikani, pepani kwambiri, ndikudziwa kuwawa kwa ngongole ya banki m'khonde. Koma ndilankhule ngati munthu amene anaberedwapo. Chaka chatha mwana wanga woyamba anamulanda njinga usiku, atanyamula munthu amene ankaoneka ngati kasitomala wabwinobwino. Anamumenya ndi chitsulo kumutu, tinagona naye kuchipatala masiku naini. Njinga ija mpaka lero sinaoneke, koma ngongole yake tinamaliza kubweza chaka chino. Ndiye ndikaipeza mawa ili ndi munthu wina, andiuze kuti ndi yake chifukwa anaipaka penti? Chamwini ndi chamwini.

Wa Kabaza 23: Mayi ndamva, pepani za achimwenewo. Koma nanga madalawa alakwa chiyani?

Anachisale: Moni nonse. Ndinaphunzira zamalamulo ku Zomba, ndiye ndiyese kufotokoza mmene nkhani yotere imayendera, ngakhale zikafika pa khoti mudzafunika munthu woti aone mapepala anu ndi maso. Apa pali nkhani zitatu zimene tikuzisakaniza.

Yoyamba ndi umwini. Lamulo lathu la kugula ndi kugulitsa katundu, lija amati Sale of Goods Act, mutu wake ndi wakuti munthu sangakupatse umwini umene iye alibe. Wakuba alibe umwini. Ndiye ngakhale njingayo itadutsa m'manja mwa anthu khumi, aliyense akulipira ndalama yake moona mtima, umwini umatsalabe kwa woberedwa uja. Pamenepa Mayi a Tadala akunena zoona, ndipo bambo, ndikupempheni kuti musataye ndalama kulimbirana umwini wa njingayo.

Yachiwiri ndi mlandu wolandira katundu wobedwa, gawo 328 la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu. Mlandu umenewu umagwira munthu amene ankadziwa, kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti katunduyo ndi wobedwa. Si aliyense wopezeka ndi chinthu chobedwa amene ali wolakwa.

Yachitatu ndiyo mwafunsayi, ya ndalama zokonzera. Imeneyi ndiye ili ndi pokambirana. Koma ndisanapitirire ndikufunseni: pogula munafunsa chiyani, ndipo munalemberana chiyani?

Bambo a Yamikani: Zikomo mayi. Ndinafunsa blue book, iye anati ili ndi mkulu wake ku Kasungu, abweretsa kumapeto kwa mwezi. Tinalemberana kalata pa pepala la mu kope, mnzanga uja anasaina ngati mboni. Ndinajambulanso chiphaso chake cha unzika pa foni. Mwezi utatha ndinamuimbira kawiri, ankangoti mawa. Kenako ndinatanganidwa ndi zokonza, ndinasiya kufunsa. Pamenepo ndiye ndinalakwitsa, sindibisa.

Aphiri a ku Chinsapo: Safunsa anadya phula, koma inu munafunsa. Chimene chinasowa n'kudikira kuti pepalalo libwere ndalama isanatuluke m'thumba.

Makaniko wa ku Biwi: Njinga imeneyi ndinaikonza ndine, ndiye ndinenepo zimene ndinaona ndi maso anga. Njinga iliyonse ikafika pa galaja panga, choyamba ndimapukuta pa nambala ya injini ndi nsanza ya petulo. Zobedwa zambiri mumapeza pamenepo apala ndi gulainda, kapena amenyapo manambala ena osalingana, ena aatali ena aafupi. Iyi nambala zake zinali zoyera, palibe anakhudzapo. Mtengo nawonso sunandidabwitse, chifukwa njinga yosayenda K800,000 si yotchipa moti munthu n'kukayikira. Nditatsegula injini ndinapeza oilo atauma ngati phala la dzulo, pisitoni itakanda silinda mizere mizere. Amene anali nayo anaiyendetsa osathira oilo mpaka inaima yokha. Ikanakhala miyezi ina iwiri pa mvula, bwenzi ili ya anyamata ogula zitsulo pa kilo. Ngati pakufunika umboni ndibwera, ndipo pisitoni yakaleyo ndinaisunga, ili m'kabokosi pansi pa tebulo.

Anachisale: Achimwene a ku Biwi, musaitaye pisitoniyo. Umboni wanu ndi wofunika kuposa mmene mukuganizira, pa nkhani yachiwiri ija komanso yachitatu.

Tsopano za ndalama zokonzera. Pali mlandu wina wotchuka wa ku England wa mu 1972, wa Greenwood ndi Bennett, umene aliyense wophunzira zamalamulo amakumana nawo. Mwini galimoto ya Jaguar anaipereka kwa munthu kuti aikonze. Munthuyo anayamba kuyendera, n'kuichititsa ngozi, kenako n'kuigulitsa ili yophwanyika pa mapaundi 75 kwa munthu wina amene sankadziwa kanthu. Wogulayo anaikonza ndi mapaundi 226. Apolisi ataigwira, khoti la apilo, mmene munali woweruza wotchuka Lord Denning, linagamula kuti galimoto ibwerere kwa mwini wake, koma mwiniyo apereke mapaundi 226 aja kwa wokonza. Maganizo ake anali akuti si chilungamo kuti munthu alemere ndi thukuta la mnzake amene anagwira ntchito akukhulupirira kuti chinthucho n'chake. Mu 1977 a ku England anaika mfundo yomweyi m'lamulo lolembedwa. Zigamulo za kumeneko sizimanga makhoti athu, koma popeza malamulo athu ambiri anachokera komweko, oweruza amazimvetsera loya akazibweretsa. Ndiye bambo, muli ndi poimira. Si kuti ndalamayo ili kale m'thumba, koma simukupempha chifundo chokha ayi.

Mayi a Tadala: Anachisale, ndakumvani, koma mundithandize apa. Tsiku limene njingayo inabedwa inkayenda bwinobwino, inali pa ntchito. Anaiwononga ndi akuba. Mwini wake wakhala miyezi yonseyi osapeza kanthu. Lero mukumuuza kuti alipire K570,000 kuti atenge chinthu chake chomwe? Iye anatuma munthu kuti apake penti? Nanga ngati alibe ndalamayo, ndiye kuti waberedwa kawiri.

Aphiri a ku Chinsapo: Funso limeneli ndi lolemera.

Anachisale: Ndi lolemeradi mayi, ndipo oweruza amavutika nalo chimodzimodzi. N'chifukwa chake sawerenga malisiti okha. Amayang'ana kuti ntchito ya wokonzayo yakweza mtengo wa chinthucho ndi zingati, komanso amasiyanitsa zofunika ndi zokongoletsa. Pisitoni ndi matayala, popanda zimenezo njinga siyenda, ndipo mwini wake akanaipeza ili yakufa akanagula yekha. Penti ndi chikopa cha mpando ndi nkhani ina, munthu angathe kunena kuti ine sindinazifune. Komanso musaiwale kuti mphwawo wa bambowa wadyerapo miyezi inayi, mbali inayo idzatchula zimenezo. Koma Jaguar ija nayonso anaiphwanya ndi wachinyengo yemwe uja, ndipo khoti linaonabe kuti wokonza asapite chimanjamanja. Kunena zoona, onse awiriwa ndi olira. Wolakwa ndi uja wazimitsa foni.

Wa Kabaza 23: Nanga osangopita kukamasula zinthu zawo? Matayala, batire, tcheni, basi aliyense atenge chake.

Makaniko wa ku Biwi: Batire ndi matayala zimatheka, mphindi makumi awiri zatha. Koma pisitoni ndi maringi ndinachita kuboola silinda kuti zigwirizane. Ukazichotsa, iwe watsala ndi zitsulo zosagulitsika, mnzako watsala ndi njinga yakufa. Palibe wapindula.

Anachisale: Ndipo musayerekeze kukhudza kanthu njingayo ili m'manja mwa apolisi. Panopa ndi umboni wa mlandu wakuba. Chilichonse chichitike pogwirizana, ndipo chilembedwe.

Madala a ku Mitundu: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nkhani iyi si yachilendo, kumudzi timaiona pa ng'ombe. Ndili mnyamata, malume anga anagula ng'ombe yaikazi yowonda, nthiti zikuwerengeka, kwa munthu wodutsa. Anaiweta zaka ziwiri, kuipititsa ku dibi, kuipatsa madeya ndi mchere, mpaka inanenepa n'kubereka thole. Kenako kunabwera anthu ochokera kutsidya kwa mtsinje, n'kuizindikira ndi khutu lodulidwa ndi banga la pamphumi. Nkhani inapita kubwalo. Amfumu ndi nduna zawo anati ng'ombe ipite kwawo, ndi thole lomwe, pakuti mwana amatsata make. Koma anatinso munthu amene wakuwetera chiweto sabwerera manja ali m'khosi. Eni ng'ombe anapereka mbuzi ziwiri kwa malume. Malume anadandaula kuti n'zochepa, eni ng'ombe anadandaula kuti n'zambiri, koma mpaka imfa yawo ankayenderana pa maliro. Masiku ano pogula ng'ombe timafuna kalata ya amfumu a kumene ikuchokera ndi chilolezo cha alangizi a ziweto. Popanda zimenezo ine sindiyandikira, ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Mayi a Tadala: Madala, chigamulo chimenecho ndiye ndachimva bwino. Sindikukana kuti wokonza apatsidwe kanthu. Chimene ndimakana n'chakuti woberedwa aziuzidwa kuti chinthu chake chapita chifukwa wina wawonongerapo ndalama.

Aphiri a ku Chinsapo: Poti nkhani yafika pamenepa, ndifunseko za malo, chifukwa kuno mavuto ake ndi omwewa koma aakulu. Mlamu wanga anagula puloti kwa madobadoba, anamuonetsa ndi kalata yodinda chidindo. Anamanga nyumba ya zipinda zitatu, njerwa zootcha, malata makumi anayi, mpaka kukoka madzi. Atangolowa, kunatulukira mayi wina wochokera ku Joni ndi mapepala ake, kuti malowo anasiyiridwa ndi malemu bambo ake, ndipo amene anagulitsa anali msuweni wongopatsidwa kuti aziyang'anira. Njinga mungathe kuikankha kupita nayo kwa mwini wake. Nanga nyumba?

Anachisale: Aphiri, za malo zili ndi malamulo akeake, ndiye tisaziphatikize kwambiri ndi za njinga. Mfundo yakale ndi yakuti chomangidwa pa nthaka chimatsata nthakayo, kutanthauza kuti nyumba imakhala ya mwini malo. N'zowawa koma ndi pamene nkhani imayambira. Pali zinthu ziwiri zimene zimasintha nkhani. China, ngati mwini malo ankaona mnzake akukumba maziko, akuthira simenti, akukhoma malata, iye ali chete kudikira kuti nyumba ithe, khoti silimusekerera. China, ngati malowo ndi olembetsedwa pansi pa Registered Land Act, kaundula ndiye amalankhula, ndipo munthu amene anagula mosadziwa za chinyengo, dzina lake n'kulowa m'kaundula, amatetezedwa kwambiri kuposa wogula njinga. Koma mapuloti ambiri a m'makwalala athu amagulidwa ndi kalata ya pamanja chabe. Mu Lilongwe muno malo ena ndi a Unduna wa za Malo, ena a Khonsolo ya Mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ena ndi a makolo amene amayendera Customary Land Act ya 2016. Usanapereke ndalama uyenera kudziwa kuti malowo ali pansi pa ndani, n'kukafufuza ku ofesi yakeyo. Mlamu wanuyo apite ku Legal Aid Bureau ngati sangakwanitse loya, asachedwe.

Aphiri a ku Chinsapo: Zikomo. Mayi uja anali kunja zaka zonsezo, sanaone kanthu. Ndimuuza mlamu apite Lolemba.

Adimini: Abale, nkhani ya malo tiitsegulire tsiku lake, ndi yaikulu. Tibwerere kwa Bambo a Yamikani, achite chiyani mawa kukacha?

Anachisale: Atenge kalata yogulirana ija, chithunzi cha chiphaso, malisiti onse ndi mauthenga a pa foni amene ankafunsa blue book, apite nazo kwa wapolisi amene akufufuza nkhaniyi. Apite ndi mnzawo amene anasaina ngati mboni. Akapereke okha asanaitanidwe, zimaonetsa kuti alibe chobisa. Wogulitsayo akagwidwa, K800,000 ija muyenera kuifuna kwa iyeyo, pakuti anakugulitsani chinthu chimene analibe nacho mphamvu, ndipo khoti lingathe kumulamula kubweza. Za K570,000 mukambirane ndi mwini njinga, pamaso pa anthu. Ku khoti ndi komaliza, chifukwa mlandu ukamatenga miyezi njinga imakhala ikuchita dzimbiri pabwalo, matayala atsopanowo akuphwa ndi dzuwa.

Wa Kabaza 23: Ndipo anzanga a pa siteji amene muli pa gulu pano, tiyeni tizilembetsa njinga zathu ku Road Traffic. Bambo uja waipeza yake chifukwa anali ndi pepala. Ambirife ikabedwa tilibe ngakhale nambala ya injini pamutu.

Makaniko wa ku Biwi: Jambulani nambalayo pa foni lero lomwe, mutumizire mkazi wanu kapena mbale wanu kuti isunge. Ndipo pogula, muzipita ndi wogulitsayo kukasintha umwini, ndalama muperekere komweko. Akayamba zoti blue book ili ku Kasungu, muuzeni kuti ndalamanso ili ku Kasungu.

Bambo a Yamikani: Abale, ndabweranso patatha masiku asanu. Ndinachita monga munandiuzira. Kupolisi anandilemba sitetimenti ngati mboni, osati ngati woganiziridwa, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo koyamba. Dzulo tinakumana ndi mwini njinga kunyumba kwa amfumu a m'dera lathu. Ndinapita ndi achimwene a ku Biwi, mwini njingayo anabwera ndi mkazi wawo ndi mwana wawo. Mayi a Tadala, ndinakukumbukirani. Mnyamatayo ndi amene ankayendetsa tsiku lobedwalo, ali ndi chipsera kuyambira pa khutu mpaka pa chibwano, ndipo dzanja lamanzere silipinda bwino. Ndinali nditakonzeka kulimbana, koma nditamuona mawu anandithera. Bambo akewo ndi mlonda, njingayo anaigula ndi ndalama ya fodya wa kumudzi, ndipo inali ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha.

Achimwene a ku Biwi anatulutsa pisitoni ija m'jumbo n'kuiika pa mphasa. Bamboyo anaitenga, kuitembenuza, kupitsa chala m'mizere muja, ndipo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, ndikanaipeza ili chonchi sindikanatha kuidzutsa. Tinagwirizana kuti njinga ndi yawo. Penti ndi mpando ndazisiya, komanso ndachotsapo K150,000 chifukwa cha miyezi inayi imene mphwanga anagwirira ntchito. Iwo andipatsa K350,000, pa K25,000 sabata iliyonse kwa masabata 14, kuyambira tsiku limene njinga idzatuluke kupolisi. Talemba, tasaina tonse, amfumu adinda.

Mayi a Tadala: Misozi yandilengeza. Mulungu akudalitseni nonse awiri. Mnyamatayo muuzeni kuti dzanjalo asalisiye, azipita nalo ku mafizo, la mwana wanga linayamba kupinda patatha miyezi.

Wa Kabaza 23: Komabe madala mwaluza zambiri. K800,000 yonse ija kuphatikiza zinazo.

Bambo a Yamikani: Ndaluzadi mwana wanga, ndipo ku banki m'khonde akufuna gawo lawo Loweruka lino. Mayi akunyumba ndi amene akukumana ndi maso a anzawo. Koma K800,000 ija sindinaisiye, mlandu suola.

Anachisale: Pepala limenelo mulijambulitse katatu, lina kwa inu, lina kwa iwo, lina mukapereke kwa wofufuza uja, kuti podzatulutsa njinga pasadzakhale chisokonezo. Ndalama iliyonse ikabwera muzilemba tsiku ndi kusainirana kuseri kwake.

Aphiri a ku Chinsapo: Bambo a Yamikani, mnyamata wogulitsa uja si wamtali, woyera, wokhala ndi mpata kumano? Mnzanga wina wogulitsa makala akuti wotereyu amaonekaoneka madzulo pa malo ena ochezera ku Mgona komweko. Ndakutumizirani kumbali dzina la malowo.

Wa Kabaza 23: Tiuzeni tsiku, anyamata a pa siteji tipite tikamugwire tokha.

Mayi a Tadala: Ayi, ayi. Mukapita gulu mukamupha, ndipo mwina si iyeyo n'komwe. Ngakhale atakhala iyeyo, wakufa sabweza ndalama, ndiponso sanena kumene njinga zina zinapita. Mwina ya mwana wanga akuidziwa.

Adimini: Pa gulu pano sitikonza zogwira munthu. Chithunzi cha chiphaso chija chisaikidwenso pano, chipite kupolisi basi.

Bambo a Yamikani: Aphiri, uthenga ndaulandira, ndipo kufotokoza kwanuko kukufanana. Ndawaimbira kale ofufuza aja. Akuti ndikawapeze mawa 7 koloko m'mawa, ndipite ndi mnzanga uja amene anasaina.